Nambala ya msonkho potsegula akaunti yosungira ndalama yopanda msonkho ku South Africa

Kuyambira pa 1 Malichi 2015, boma la South Africa limalola munthu payekha kusunga ndalama mu akaunti imene phindu lake silidulidwa msonkho. Mabanki amaitchula kuti tax-free savings account, kapena TFSA mwachidule, ndipo maziko ake ali mu ndime 12T ya lamulo lotchedwa Income Tax Act. Chiwongoladzanja chimene ndalamazo zabereka, gawo la phindu limene makampani amagawira eni masheya, ndiponso phindu logulitsa masheya amene akwera mtengo, zonsezi zimakhala zanu zathunthu. Komabe anthu ambiri, kuphatikizapo abale athu ochokera ku Malawi amene akhazikika ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, amadabwa akakhala pa desiki ya ku banki n'kufunsidwa nambala ya msonkho. Amadzifunsa kuti, ngati akauntiyi ilibe msonkho, nambalayo ikufunidwiranji? Ena amachita mantha n'kusiya bokosi la nambalayo pa fomu lopanda kanthu, ena amalemba nambala imene akungoikumbukira mwa apo ndi apo.

Chifukwa chake n'chakuti mwayi umenewu uli ndi malire, ndipo amene amawerengera malirewo si banki ayi, koma bungwe lotolera msonkho la SARS. Banki iliyonse imaona ndalama zimene zalowa pakhomo pake pokha. Nambala yanu ya msonkho pamodzi ndi nambala ya chiphaso chanu ndi ulusi umene SARS imasokera nawo pamodzi maakaunti anu onse, ngakhale ali m'mabanki atatu osiyana. Zonse zimene ndifotokoze m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Choyamba: dziwani malire amene nambala yanu idzayezedwe nawo

Malire alipo awiri. Oyamba ndi a pachaka: anayambira pa R30,000 mu 2015, anakwera kufika pa R33,000 mu 2017, kenako anafika pa R36,000 pa 1 Malichi 2020. Chiwerengerochi chimasinthidwa kudzera mu bajeti ya boma, choncho musanaike ndalama yang'anani pa tsamba la SARS malire a chaka chimene muli. Achiwiri ndi a moyo wonse, omwe ndi R500,000. Chaka chimene chikunenedwa pano si cha pa kalendala, koma chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 1 Malichi n'kutha tsiku lomaliza la Febuluwale. Mukapanda kufika pa malire a chaka chino, gawo lotsalalo latayika, silionjezeredwa ku chaka chamawa.

Malirewa amawerengera ndalama zimene mwaika inuyo, osati zimene zabereka m'katimo. Koma mukapyola, SARS imakulipiritsani chindapusa cha 40 peresenti pa ndalama zopyolazo. Titenge chaka chimene chinatha pa 28 Febuluwale 2025. Munthu amene anaika R25,000 ku banki ina ndi R20,000 ku kampani ina yosunga ndalama anaika R45,000 pamodzi, kutanthauza kuti anapyola ndi R9,000, ndipo chindapusa chake ndi R3,600. Palibe banki imene inalakwa pamenepa, chifukwa kwa iliyonse munthuyo ankaoneka kuti ali pansi pa malire. Zinakumana pa nambala yake ku SARS.

Chachiwiri: funsani banki za chiphaso chimene imalandira

Musanataye tsiku la ntchito kukaima pa mzere, imbani foni kapena werengani zofunika pa tsamba la bankiyo. Mabanki ambiri amafuna nambala ya ID ya ku South Africa pa akaunti ya mtundu umenewu. Nambalayi ili ndi manambala 13, ndipo munthu wochokera kunja amene anapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale amakhala nayonso: nambala ya khumi ndi chimodzi imakhala 0 kwa nzika, ndipo 1 kwa wokhazikika wotere. Ngati muli ndi pasipoti ndi pemiti ya ntchito yokha, funsani mosabisa ngati amatsegulira anthu a mapepala otero, pakuti malamulo a m'nyumba amasiyana pakati pa banki ndi inzake.

Wina akakuuzani kuti mutsegule akauntiyi m'dzina la mnzanu amene ali ndi ID, kanani. Pamaso pa banki ndi SARS ndalamazo zidzakhala za mwini nambalayo, zidzadya malire ake a moyo wonse, ndipo iye akamwalira zidzalowa m'chuma chake chamasiye.

Chachitatu: pezani nambala yanu yeniyeni ya msonkho

Nambala ya msonkho ya munthu ku SARS ili ndi manambala 10, ndipo imayamba ndi 0, 1, 2, 3 kapena 9. Ngati munagwirapo ntchito imene ankakudulani msonkho pa malipiro, n'kutheka kuti muli nayo kale ngakhale simunapitepo ku ofesi ya SARS, chifukwa olemba ntchito amatha kulembetsa antchito awo. Yang'anani pa chikalata cha IRP5 chimene abwana amapereka chaka cha msonkho chikatha, kapena pa pepala la malipiro a pamwezi. Samalani pa IRP5, chifukwa pamakhalanso nambala ya kampani ya PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito), imene imayamba ndi 7. Anthu ambiri amakopera imeneyo poganiza kuti ndi yawo.

Ngati mapepalawo anasowa, njira zilipo zingapo. Mutha kulowa pa eFiling, tsamba la pa intaneti la SARS, kapena pa apu yake ya pa foni ya SARS MobiApp n'kupempha chikalata cha IT150, chimene chimasonyeza kuti munalembetsa ndipo chimakhala ndi nambala yanu. Mutha kuimba *134*7277# pa foni ya m'manja, kapena kuimbira SARS pa 0800 00 7277 muli ndi chiphaso chanu pafupi, chifukwa adzakufunsani mafunso otsimikizira kuti ndinudi. Amene sanalembetsepo n'komwe angalembetse pa eFiling, ndipo nambala imaperekedwa kwaulere. Pewani kulembetsa kachiwiri chifukwa chongoiwala nambala yakale: munthu mmodzi amayenera kukhala ndi nambala imodzi, ndipo kukhala ndi ziwiri kumabweretsa ntchito yaikulu yoziphatikiza.

Nanga munthu amene malipiro ake ndi ochepa moti salipira msonkho? M'chaka cha msonkho chimene chinatha pa 28 Febuluwale 2025, munthu wosakwana zaka 65 ankayamba kulipira msonkho akapeza ndalama zoposa R95,750 pachaka. Mabanki ena amatsegulabe akaunti kwa munthu wopanda nambala ya msonkho pogwiritsa ntchito nambala ya ID yokha. Ine ndimalangiza kuti mulembetsebe. Kukhala ndi nambala sikutanthauza kuti mwayamba kulipira msonkho, koma kumakupatsani khomo loonera zimene mabanki akunena za inu.

Chachinayi: yerekezani mapepala anu musanapite

Apa ndi pamene anthu ochokera kunja amapunthwa kwambiri, ndipo m'pofunika kuchedwapo. Ikani pa tebulo chiphaso chanu, chikalata cha IT150 ndi sitetimenti ya ku banki, kenako werengani chilembo chimodzichimodzi. Dzina la bambo lilembedwe mofanana pa zonse zitatu. Mayina athu amavutika m'manja mwa alembi amene sanawazolowere: chilembo cha h chimagwa, l amasanduka r, dzina loyamba limalowa pa malo a dzina la bambo. Kompyuta ya SARS siidziwa kuti ameneyu ndi munthu mmodzi. Onaninso tsiku lobadwa, chifukwa tsiku ndi mwezi zimatha kusinthanitsidwa.

Vuto lalikulu ndi la pasipoti. Munthu amene analembetsa ku SARS ndi pasipoti yakale, kenako n'kutenga yatsopano yokhala ndi nambala ina, kapena n'kulandira ID ya ku South Africa, amakhala ndi mbiri ziwiri zosagwirizana: SARS ikumudziwa ndi nambala yakale, banki ikumudziwa ndi yatsopano. Mlamu wanga zinamuchitikira. Anatsegula akaunti ndi ID yake yatsopano, wogwira ntchito ku banki analemba zonse bwinobwino, koma nthawi ya msonkho itakwana, chikalata cha akauntiyo sichinaoneke pa fomu yake ya pa eFiling. Tinakhala usiku wina pa tebulo la kukhitchini, pasipoti yakale yobooledwa ili kumanzere, ID ili kumanja, mpaka tinazindikira kuti SARS inali ikumudziwabe ndi kabuku kakale kaja. Anataya masiku awiri a ntchito kukonza chinthu chimene akanachikonza asanatsegule akaunti.

Zinthu monga adiresi, nambala ya foni ndi imelo mutha kuzisintha nokha pa eFiling kudzera pa fomu ya RAV01. Kusintha nambala ya chiphaso kumafuna kuti SARS ione mapepala enieni, choncho panganani nawo tsiku ndipo mutenge chiphaso chakale ndi chatsopano. Musataye pasipoti yakale ngakhale inatha ntchito.

Chachisanu: mafomu a ku banki

Kaya mukutsegula pa desiki kapena pa foni, banki idzakufunsani zinthu za magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi lamulo lake kumbuyo. Gulu loyamba ndi la lamulo la FICA la mu 2001, limene limakakamiza banki kudziwa kasitomala wake: chiphaso, komwe mumakhala, ntchito imene mumagwira ndi kumene ndalama zikuchokera. Gulu lachiwiri ndi nambala ya SARS ija. Ikopereni kuchokera pa chikalata, osati m'mutu, ndipo wogwira ntchitoyo akailowetsa m'kompyuta mupempheni aulemu kuti akuwerengereni mokweza kapena akutembenuzireni sikirini. Ndi mphindi imodzi yokha, ndipo palibe wogwira ntchito wabwino amene angakhumudwe nazo.

Gulu lachitatu ndi limene limasokoneza ambiri. Ndi fomu imene mumanenapo nokha dziko kapena mayiko amene amakuwerengani kuti ndinu wokhalamo pa nkhani ya msonkho. Imachokera ku mgwirizano wa mayiko wosinthana mbiri za maakaunti wotchedwa Common Reporting Standard, umene South Africa inayamba kusinthana nawo mbiri mu 2017, komanso ku lamulo la ku America la FATCA, lomwe ndi chifukwa chake amafunsa ngati ndinu nzika ya United States kapena munabadwira kumeneko. Funso la pa fomuyi si lakuti pasipoti yanu ndi ya dziko liti. Munthu atha kukhala nzika ya Malawi koma wokhala ku South Africa pa nkhani ya msonkho, ngati kumeneko ndiye kwakhala kwawo kwenikweni kumene amabwerera akayenda. Palinso njira yowerengera masiku: kukhala m'dzikomo masiku oposa 91 m'chaka cha msonkho chimenecho, masiku oposa 91 m'chaka chilichonse cha zaka zisanu zapitazo, ndiponso masiku oposa 915 mukaphatikiza zaka zisanuzo.

Ngati dziko lina limakuwerenganinso kuti ndinu wokhalamo, lilembeni pamodzi ndi nambala yake ya msonkho. Kwa Mmalawi imeneyo ndi TPIN yochokera ku Malawi Revenue Authority. Ngati mulibe nambala ya dziko limenelo, fomu imakhala ndi malo olembapo chifukwa chake, ndipo ndi bwino kulemba chifukwa choona kusiyana ndi kupeka nambala. Amene ali ndi bizinesi kapena nyumba za lendi kumudzi, pamene banja ndi ntchito zili ku Joni, achite bwino kufunsa katswiri wa msonkho wolembetsedwa asanasayine, chifukwa siginecha ya pa fomuyi ndi lumbiro lakuti zimene mwalemba n'zoona, ndiponso kuti mudzadziwitsa banki zinthu zikasintha.

Pa fomu yomweyo kapena ina pamakhala mawu akuti mwamvetsa malire a pachaka ndi a moyo wonse, ndiponso kuti udindo wowasunga ndi wanu. Mabanki ambiri amakana ndalama zopyola malire pa akaunti ya kwawoko, koma mawu amenewa akukuuzani poyera kuti za kwina sakuziona. Pemphani kope la zonse zimene mwasayina.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani zimene banki imachita ndi nambala yanu

Banki imatumiza mbiri ya akaunti yanu ku SARS kawiri pachaka: pofika pa 31 Okutobala imatumiza za miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, ndipo pofika pa 31 Meyi imatumiza za chaka chonse. Mbiri imeneyi ndi imene imalembedwa pa chikalata cha IT3(s), chimene inunso mumapatsidwa. Pamakhala dzina lanu, nambala ya chiphaso, nambala ya msonkho, ndalama zimene munaika, zimene munatapa, zimene zinasamutsidwa kuchokera kwina kapena kupita kwina, ndi phindu limene linabadwa. Chikalatachi n'chosiyana ndi IT3(b), chimene chimasonyeza chiwongoladzanja cha maakaunti wamba. SARS ikalandira zikalata za mabanki onse, imaziika pansi pa nambala yanu, kuphatikiza zimene munaika, n'kuyerekeza ndi malire.

Choncho nambala yolakwika siikubisani ayi. Imangochititsa kuti mbiri yanu ichedwe kufika, kapena ikagwere pa munthu wina wosalakwa, ndipo tsiku limene zidzakonzedwe mungapeze zaka zingapo zikukudikirani nthawi imodzi. Lamulo la POPIA limakakamiza banki kusunga mbiri yanu mwachinsinsi, koma kupereka ku SARS ndi udindo umene lamulo la msonkho linaiikira. Inunso isungeni bwino nambalayi. SARS siipempha mawu achinsinsi a ku banki kapena nambala ya OTP kudzera pa meseji kapena imelo, ndipo mawu achinsinsi a eFiling musapatse munthu wa pamsewu amene akulonjeza kukubwezetsani ndalama.

Chachisanu ndi chiwiri: sungani kawerengedwe kanu

Gulani kabuku, kapena tsegulani tsamba pa foni, ndipo mulembe tsiku, banki ndi ndalama nthawi iliyonse imene mwaika. Yambani tsamba latsopano pa 1 Malichi. Ngati munalamula kuti banki izidula yokha mwezi uliwonse, kumbukirani kuwerengera za miyezi yonse 12: pamene malire anali R36,000, R3,000 pamwezi inkawakwanitsa ndendende, moti bonasi ya Disembala mukanaiponya mu akaunti ina ya TFSA, mukanapyola.

Pali misampha iwiri imene nambala yanu idzaulule. Woyamba ndi kutapa n'kubweza. Mukatapa R10,000 chifukwa cha maliro kumudzi, kenako n'kuibweza mwezi wotsatira, SARS imawerenga R10,000 imeneyo ngati ndalama zatsopano, ndipo malire a moyo wonse amene munadya poyamba sabwerera. Ichi n'chifukwa chake sindilangiza kuika ndalama za mwadzidzidzi mu akauntiyi, makamaka poti munthu wosakwana zaka 65 salipira kale msonkho pa R23,800 yoyamba ya chiwongoladzanja cha pachaka mu akaunti wamba, ndipo wa zaka 65 kupita m'tsogolo pa R34,500. Akauntiyi imapindulitsa amene amaisiya zaka zambiri. Pa chifukwa chomwechi, msungichuma wa gulu la chipereganyu kapena la thumba la maliro asaike ndalama za gulu mu TFSA yake, chifukwa zonse zidzawerengedwa pa nambala yake yekha.

Wachiwiri ndi kusamuka. Kuyambira pa 1 Malichi 2018 n'zololedwa kusamutsa ndalama kuchoka ku banki ina kupita ku inzake popanda kudya malire, koma ndalamazo ziyenera kuyenda pakati pa mabankiwo mwachindunji, osadutsa mu akaunti yanu ya tsiku ndi tsiku. Yambirani ku banki yatsopano, lembani fomu yopempha kusamutsa, ndipo banki yakale idzapereka chikalata chosonyeza zimene munaika. Onetsetsani kuti nambala ya msonkho ndi ya chiphaso n'zofanana mbali zonse ziwiri. Mukatapa nokha n'kukaika kwina, SARS idzaona ndalama zatsopano, ndipo ngati zinali R80,000 mungathe kuwerengera nokha kukula kwa chindapusa.

Za ana ndinene mwachidule. Kholo litha kutsegulira mwana akaunti yotere, koma imakhala m'dzina ndi nambala ya chiphaso cha mwanayo, ndipo malire amene akudyedwa ndi ake a moyo wonse. Ngati bambo ndi mayi, kapena agogo, akutsegulira mwana mmodzi m'mabanki osiyana, auzane zimene aliyense waika.

Chachisanu ndi chitatu: onani fomu yanu nthawi ya msonkho

Nyengo yopereka mafomu a msonkho imayamba mu Julayi, ndipo anthu ambiri SARS imawawerengeratu yokha pogwiritsa ntchito zimene olemba ntchito ndi mabanki anatumiza. Musavomereze kawerengedwe kameneka ndi maso otseka. Tengani IT3(s) ya banki iliyonse, yomwe nthawi zambiri imapezeka pa apu ya banki kapena imatumizidwa pa imelo, muiyerekeze ndi kabuku kanu kaja, kenako ndi gawo la ndalama zosungidwa zopanda msonkho pa fomu yanu ya msonkho ya ITR12. Onani nambala ya msonkho pamwamba pa chikalatacho, onani ndalama zimene munaika, ndipo ngati munasamutsa, onani kuti zalembedwa ngati zosamutsidwa osati ngati zoikidwa kumene.

Mukapeza cholakwa pa chikalata, pitani kaye ku banki osati ku SARS, pakuti amene anatumiza mbiri ndi amene ayenera kuikonza n'kutumizanso. Lembani pempho lanu pa imelo kuti pakhale umboni, phatikizani IT150 ndi masitetimenti, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Banki ikapereka chikalata chokonzedwa, lowani pa eFiling mukonze fomu yanu. Ngati chindapusa chaikidwa kale pa ITA34, chikalata chosonyeza mmene SARS yakuwerengerani, ndipo mukuona kuti n'cholakwika, mutha kupereka chitsutso pa eFiling pomwepo, mutaphatikiza chikalata chatsopanocho, ndipo chitani zimenezi msanga chifukwa chitsutso chili ndi nthawi yake yoikika. Banki ikamazengereza mutatsata njira zake zonse za madandaulo, nkhani ipititseni ku National Financial Ombud Scheme, imene imathandiza kwaulere. Zikalata zonsezi zisungeni kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera tsiku limene munapereka fomu, ndipo zikalata zosamutsira ndalama zisungeni mpaka mutatseka akaunti.